Kadontho Kofiira Kunsi kwa Phazi

Anachisale anali atagwira msilikali wapulasitiki chadodolido, akumukwecha kuphazi ndi mswachi wakale, pamene foni ya malemu inaliranso kumwamba. Anasiya kukwecha. Thovu linatsetsereka m'mkono mpaka pachigongono, koma sanalipukute. Foniyo inalira kasanu n'kutonthola. M'chipinda chapansi pa nyumba, chomwe akuno amati besimenti, munatsala kung'ung'udza kwa makina otenthetsa nyumba basi.

Linali tsiku lachinayi chimwalirireni Bizwick, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo. Anagwa ali pantchito, kunyumba ina yosamalira okalamba muno mu South Bend, atanyamula thireyi ya chakudya. Madokotala anati mtima. Munthu wosamwa, wosasuta, wa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anachisale anali atabwera kuchokera ku Limbe miyezi inayi yapitayo kudzathandiza mpongozi wawo, Tusekele, kulera khanda lotchedwa Melissa. Anabwera kudzabereka mdzukulu kumbuyo. Tsopano ankadikira mapepala oti abwerere kwawo ndi bokosi.

Bizwick sanasiye munda, sanasiye ng'ombe. Anasiya zidole. Makoma atatu a besimenti anali mashelefu okhaokha, ndipo pamashelefupo panandandalika asilikali otalika ngati chikhato, maloboti, anthu ovala zisoti za m'mlengalenga, zilombo za mitu iwiri. Pakona panali tebulo lodzaza tizikombole, timabotolo ta penti ndi timaburashi topyapyala ngati nthenga za mpheta.

Tsiku loyamba kutsika kunsiko, miyezi inayi yapitayo, Anachisale anagwira pakamwa.

"Bambo wandevu, wa digiri, kumasewera ndi zidole? Ndinkapsa ndi dzuwa mumsika kuti udzatole zinyalala za azungu?"

Bizwick anaseka mpaka kugwira khoma. "Muziwapatsa ulemu, amayi. Uyu mwamunyamulayu ndi wamkulu kwa ine, anapangidwa ndisanabadwe. Akale otere anthu amawalimbirana. Awa a uku ndimapanga ndekha, ndimathira pulasitiki m'chikombole n'kupenta."

"Nanga amasiyana pati? Ine ndikuona amodzimodzi."

"Ndiye nkhani yake imeneyo," anatero Bizwick. Khanda linalira kumwamba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nkhaniyo inadzadzuka mwini wake atagona. Dzulo masana, anthu a kutchalitchi atatha kuyimba n'kubalalika kupita kumashifiti awo, Tusekele anatsegula foni ya mwamuna wake n'kupeza mauthenga a munthu wina dzina lake Eugene. Anawawerenga m'Chichewa kuti apongozi ake amve. Shadrick, mwana wa mlongo wawo wa Anachisale, yemwe ankayendetsa za maliro, anali pomwepo.

"Akuti, musagulitse chidole ngakhale chimodzi ine ndisanachione. Zina mwa zidolezo si zenizeni, ndipo anthu ayamba kale kufunsa."

"Kufunsa chiyani? Anthu ake ati?" anatero Anachisale.

Shadrick anakanda m'mutu. "Makolekita, azakhali. Anthu osonkhanitsa zidole zakale. Ndi amisala, ndikukuuzani. Bizwick anandionetsapo gulu lawo pa intaneti, amalalatirana ngati pamjigo. Ena amati chopangidwa lero chilibe vuto, bola chikongoletse shelefu. Ena amati feki ndi feki, ukaipeza uiphwanye ndi hamala, uijambule, uposite. Wina anamugwira akugulitsa feki ngati orijino, anamusuwa."

"Kumusuwa ndiye kumutani? Lankhula zomveka."

"Kukhoti, azakhali."

"Nanga wamlanduyo akakhala kuti wamwalira? Thupi amalilola kukwera ndege?"

Shadrick anayang'ana Tusekele. Tusekele anayang'ana khanda.

"Dziko lino ndi la mapepala," anatero Shadrick potsiriza. "Sindikudziwa."

Sindikudziwa ameneyo anawakhala pamtima ngati mwala. Ankangomuona Bizwick atatsala m'firiji ya ku mochale nyengo yonse yachisanu, iwo viza itatha, akukwera ndege okha ndi chikwama cha zovala zake. Akakafika ku Limbe akanena chiyani kwa abale? Kuti mwana anamangidwa atafa?

Ndiye m'mawa wa lero anatsika okha kubesimenti. Munthu wamalonda akapatsidwa katundu sayang'ana nkhope, amatembenuza kunsi. Anatembenuza msilikali woyamba, panalibe kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anali ndi kadontho kofiira kunsi kwa phazi lamanzere, kakang'ono ngati kanjere ka mapira. Anapita kushelefu ya uku, ya amene Bizwick anati amapanga yekha. Aliyense anali ndi kadontho. Ena a madontho anali atasakanikirana ndi akale aja pashelefu yapakati.

Anakhala pamasitepe. Kadontho kameneko ankakadziwa bwino.

Zaka makumi atatu Anachisale agulitsa nsapato za kaunjika mumsika wa Limbe. Belo ikatsegulidwa mumakhala zabwino, mumakhalanso zokanganuka soli. Zokanganukazo ankazimata ndi guluu, kuzipaka polishi, n'kulemba kachoko kunsi kwa lilime la nsapato, pomwe wogula sasuzumirapo. Nsapato za choko sizinali za aphunzitsi apafupi, oti mawa abweranso kudzalalata. Zinali za othamangira basi, a ku Muloza, a ku Nsanje, oti soli ikamayasama ali kale kwawo. Ndipo amene ankalemba chokocho, atakhala pakatoni ndi yunifolomu yake ya pulayimale, anali Bizwick.

Tsiku lina anafunsa. "Amayi, bwanji osangowauza kuti ndi zomata?"

Anamupatsa mbama. "Chilungamo chakocho ukachidyera chiyani madzulo ano?"

Sanafunsenso. Ndiye lero nako kadontho, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, kunsi kwa phazi pomwe wogula sasuzumirapo. Make mbuu, mwana mbuu. Mwanayo anamva, anasunga, n'kudzachita zomwezo m'dziko la makhoti.

Anachisale si munthu wokhala pansi n'kumalira. Umboni ukakhala m'nyumba umauchotsa alendo asanafike. Sopo atakanika, anakatenga kabotolo ka Tusekele kochotsera kyutekisi, ndipo timadontho tinayamba kusungunuka. Koma phazi lokwechedwa linkawala mosiyana ndi anzake, wamalonda aliyense akanaona zimenezo. Choncho anakwecha onse, a dontho ndi opanda dontho, kuti mapazi afanane.

Masitepe analira. Tusekele anatsika atavala juzi ya mwamuna wake, maso ali otupa, foni ija ili m'manja.

"Amayi, mwakhalitsa kunsi kuno. Tiyi wazizira. Mukutani?"

"Simukuona? Ndikutsuka. Katundu wafumbi sagulika."

Tusekele anayang'ana asilikali atagonekedwa pathawulo ngati nsomba zoyanika. "Bambo a Melissa sankalola ngakhale ine kuzigwira. Ine kuno ndinkangobwera kudzachapa."

"Bambo a Melissa ali kuti panopa kuti andiletse?"

Mawuwo anatuluka olimba kuposa momwe anafunira.

"Ndawaimbira foni a Eugene aja," anatero Tusekele. "Ali ndi shopu ku Indianapolis, cha ku Speedway. Akuti tipite nazo zonse mawa."

"Mwawayankhiranji? Munthu wofunafuna mlandu samuyankha. Amatopa yekha."

"Kuno sikutero, amayi. Ukapanda kuyankha amabwera pakhomo. Komanso anthu asonkha momwe akanathera, koma ndalama ya ndege sinakwane, ndipo a ku mochale akudikira ife. Zidolezi ndi zokhazo zomwe mwini wake angadzithandize nazo."

"Ndiye ndipita nawo."

"Mupume, amayi. Ndi ulendo wa maola awiri ndi theka."

"Amake Melissa, inu ndinu nesi, jakisoni mumamudziwa, sindikukana. Koma malonda ndi anga. Inu akakutchulirani mtengo mungoti thankyu."

Ananyamuka kutacha, khanda atalisiya ndi amayi a kutchalitchi. Shadrick anali atalongedza zonse m'makatoni, ngakhale za patebulo lapakona, tizikombole ndi timabotolo tomwe, chifukwa sankadziwa chofunika ndi chosafunika. Msewu unali wowongoka ngati chingwe, mbali zonse minda yachimanga yokololedwa kale, yotuwa, yopanda munthu ngakhale mmodzi wokunkha. Anachisale anakhala kumbuyo, manja atawabisa m'chitenje. Zala zinali zitayera ndi sopo, ndipo fungo la mankhwala a kyutekisi linali lisanachoke.

Atadutsa Kokomo, galimoto ya polisi inatulukira kumbuyo kwawo n'kumawatsata.

"Iwe Shadrick, atiwona."

"Aone chiyani, azakhali? Ndikudraiva bwinobwino."

"Makatoniwa. Khotera kwinakwake."

"Ndikakhota ndiye atiyimitsa. Khalani phee."

Anakhala phee, akupemphera pemphero lopanda mutu, mawu ake amodzimodzi: mwana apite kwawo, mwana apite kwawo. Patapita nthawi galimoto ya polisi inawapitirira, wapolisiyo akumwa khofi, osawayang'ana n'komwe. Koma mtima sunabwerere m'malo.

Shopu ya Eugene inali pakati pa malo ochapira zovala ndi kogulitsa matayala, kufupi ndi mpanda waukulu wa bwalo la mpikisano wa magalimoto. Mkati munali zidole mpaka kudenga. Anachisale analowa atauma nkhope. Lamulo lawo pamalonda ndi limodzi: woyamba kulankhula ndi amene waluza.

Eugene anali mzungu wamkulu thupi, wandevu zoyera, woyenda ndi ndodo. Atawaona anavula kapu. Analankhula pang'ono, mawu n'kumuthera, n'kupukuta m'maso ndi kapu yomweyo.

"Akuti pepani," Tusekele anamasulira. "Akuti bambo a Melissa ankabwera kuno Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Ankakhala pampando uwo."

Anachisale sanauyang'ane mpandowo. Misozi ya wogula anaiwonapo yambiri.

"Afunseni chomwe akutifuna."

Eugene anafotokoza, Tusekele akutsatira pambuyo. Imfa ya Bizwick itamveka m'gulu lawo, anthu ena anayamba kufunsa adiresi ya mkazi wamasiye. Pali akambuku otere, amafika pamaliro ndi nkhope yachisoni n'kugula zonse pamtengo wa zinyalala, ponena kuti ndi zongopanga. N'chifukwa chake anati asagulitse kanthu. Ankafuna awasiyanitsire zakale ndi zatsopano, kuti asaberedwe.

Anachisale anamva, koma sanamvetse. Ndiye mlandu uli pati?

M'shopumo munalinso bambo wina woonda, wamagalasi, yemwe anali atatsamira kabati chifikireni iwo. Makatoni atatsegulidwa anasendera, n'kunyamula loboti imodzi ndi zala ziwiri ngati wanyamula khoswe wakufa. Analankhula mwachangu, mopanda kumwetulira.

"Akuti chiyani woondayu?"

Tusekele anazengereza. "Akuti sakunyoza malemu, koma iwo zongopangazi amadana nazo. Akuti ndi poizoni. Chakale chinagwiridwa ndi mwana weniweni zaka makumi anayi zapitazo, chili ndi mbiri, chikatha chatha. Chatsopano chikafanana nacho kwambiri, pakapita zaka khumi palibe adzadziwe, ndipo wina adzalira."

Eugene anayankha akugwedeza mutu. Zinkaoneka kuti mkangano umenewu anaukangana kambirimbiri, aliyense ankadziwa poyima mnzake.

"A Eugene akuti si aliyense angakwanitse chakale. Munthu amene ali mwana makolo ake analibe ndalama, lero akufuna kamsilikali kake pashelefu, alakwa chiyani? Akuti choipa si kupanga, choipa ndi kunamiza. Ndipo akuti za Bizwick sizinganamize munthu, gulu lonse likudziwa. Akuti atembenuze aone."

Woonda uja anatembenuza lobotiyo. Anayang'ana kuphazi. Anakweza magalasi n'kuyang'ananso, kenaka anaipereka kwa Eugene.

Eugene anatembenuza ina. Ndi ina. Anakhuthula katoni yonse patebulo, akutembenuza msilikali aliyense. Mapazi onse anali oyera, owala, ofanana.

Woondayo analankhula motsitsa, koma Tusekele atamva anagwira tebulo.

"Masulirani," anatero Anachisale.

"Akuti zongopanga zonse za bambo a Melissa zimakhala ndi kadontho kofiira kuphazi, chizindikiro choti aliyense adziwe kuti si chakale. Apa wina wafufuta. Akuti pali ziwiri: kapena ife tabwera kudzaba, kapena mwini wake asanamwalire anali atakonzeka kuyamba kubera anthu. Akuti ayenera kuchenjeza gulu lero lomwe."

M'makutu mwa Anachisale munalira ngati mwalowa njuchi. Choti aliyense adziwe. Tusekele anali atawatembenukira, akuwayang'ana m'manja. Iwo anabweza manjawo m'chitenje.

Eugene anapempha woondayo kuti adikire. Anatulutsa kasikelo, galasi lokulitsa zinthu ndi katochi kowala buluu, n'kuyamba kusankha. Ankanunkhiza chidole, kuchiyeza, kuchiunika m'mizere ya m'mbali. Timfuti ta asilikaliwo ankatigwetsa pagalasi la kabati n'kutchera khutu: takale tinkalira ngwee, tatsopano tinkangoti phwa. Ngakhale anali ndi mantha, Anachisale anaona kuti uyu ndi mnzawo. Umu ndi momwe iwo amapindira soli pafupi ndi khutu kuti amve ngati yatopa.

Milu iwiri inakula, akale kumanja, atsopano kumanzere. Potsiriza panatsala atatu: wachisoti chobiriwira, loboti ya diso limodzi, ndi msilikali uja anali m'manja mwawo foni ikulira. Eugene anawayeza kawiri, anamupatsa woondayo, nayenso anayeza. Anagwirizana. Onse atatu anapita kumanja, Eugene n'kutchula mtengo wawo.

Anachisale sayiwala katundu amene wadutsa m'manja mwawo. Wachisoti chobiriwirayo kadontho kake kanavuta, anachita kukapala ndi chikhadabo.

"Atatu awo," ananong'ona osadziwa kuti atulutsa mawu.

Shadrick anamva. Anawayang'ana, anayang'ana chitenje chomwe munali manja, ndipo nkhope yake inasintha. Anawayandikira ngati akuwakonzera mpango.

"Azakhali, chilichonse mukudziwa, chimezeni. Akatswiri awo anena okha kuti ndi orijino. Mwamva mtengo atchulawo? Atatu okhawo ndiye ndege ya Bizwick."

Anali kunena zoona. Pamsika ukapeza wogula wadzinamiza yekha, suchita kumudzutsa. Anachisale anameza malovu. Woonda uja anali atatulutsa foni, akujambula mapazi a mulu wakumanzere. Eugene anakhala pampando wa Bizwick uja, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kuyamba kulankhula ngati akudzilankhulira yekha.

Tusekele sanamasulire. Misozi inali kungotsika.

"Amake Melissa, ndakufunsani kuti mulire? Akuti chiyani?"

"Akuti sakumvetsa. Akuti panali munthu wina anawalonjeza bambo a Melissa ndalama zambiri kuti amupangire khumi opanda kadontho, iwo n'kumutulutsa m'shopu muno. Akuti anawafunsapo kuti kadontho kameneka anakatenga kuti." Tusekele anapuma. "Anati anaphunzira kwa mayi ake. Anati mayi anga amagulitsa nsapato kwathu, ndipo nsapato iliyonse yomata amailemba choko, kuti wogula adziwe chomwe akugula. Anati ine ndi amene ndinkawalembera."

Kunja galimoto inadutsa ikuliza wailesi. Anachisale anayang'ana mpando uja tsopano. Unali wachitsulo, wong'ambika pokhalira, womata ndi tepi yakuda mosamala, m'mbali mwake mowongoka bwino. Kamatidwe kameneko ankakadziwanso.

Mwanayo sanaiwale. Ankadziwa bwino lomwe kuti choko chija chinali cha chiyani, mbama anailandira yekha. Koma kwa azungu akuno anawafotokoza mayi ake momwe ankafunira kuti akhale.

Anatulutsa manja m'chitenje n'kuwayala patebulo.

"Auzeni kuti ndine."

"Azakhali," anatero Shadrick.

"Iwe khala chete, sunabereke. Amake Melissa, muwauze momwe ndikunenera, osathira shuga. Mwana wanga analemba onse. Wofufuta ndine, dzulo, ndi mswachi. Ndinkayesa ndikumubisira mlandu. Sindinapite patali kusukulu, ndinaona kadontho n'kuganiza zanga. Mkazi wakeyu sakudziwa kanthu."

Tusekele anamasulira. Woonda uja anatsitsa foni.

Anachisale anatambasula dzanja kumulu wakumanja. Anatola wachisoti chobiriwira, loboti ya diso limodzi ndi msilikali uja, n'kuwaika kumanzere, mmodzimmodzi. Shadrick anatulutsa mpweya ngati tayala laphulika, n'kupita kukaima pakhomo.

"Awa analinso ndi madontho. Auzeni kuti makina awo anama, manja anga sanama. Ndipo ngati ndi za apolisi, amange ine. Mwana wanga apite kwawo."

Eugene atamva anaseka kuseka kwa misozi, akupukusa mutu. Anati palibe za apolisi, palibe chagulitsidwa, ndipo thupi la munthu silikhudzana ndi zidole. Kenaka ananyamula wachisoti chobiriwira n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anati zaka makumi atatu ali pantchitoyi, sanapusitsidwepo ndi chidole, mpaka lero, ndipo womupusitsayo ndi munthu amene sankafuna kupusitsa aliyense.

"Ndipo za chokozo," anatero Anachisale, "muwauze kuti..."

Tusekele anadikira.

"Ayi. Zimenezo zisiyeni momwe ananenera mwini wake."

Woondayo sanagonje. Anati wamva, ndipo salemba kanthu koipa m'gulu, koma maganizo ake sanasinthe. Lero onse aona ndi maso kuti penti imachoka. Ngati gogo wa mswachi wakwanitsa, wakuba angalephere?

"Akunena zoona woondayu," anatero Anachisale. "Nkhope yake ndi yowawa koma akunena zoona. Choko chimafufutika. Mufunseni ngati ali ndi laita, ndamumva fungo la fodya."

Asanagwire laitayo anayamba athana ndi malonda, chifukwa malonda sadikira chisoni. Eugene anatchula mtengo wa mulu wakumanja, n'kuchotserapo chifukwa mapazi anali atakwecheka. Anachisale anaseka mwachipongwe n'kuuza Shadrick kuti alongedze. Kawiri anafika pakhomo, kawiri Eugene anawaitana. Chingerezi chawo chinali cha mawu awiri, no ndi lasiti praisi, koma chinakwana. Pomaliza mzunguyo anakweza manja n'kunena kuti tsopano wadziwa chifukwa chake Bizwick sankatsitsika. Ndege inali isanakwanebe, koma inali itayandikira, ndipo Eugene anati atsopanowo, akabwezeredwa chizindikiro, alipo ambiri m'gulu amene angafune kusunga ntchito ya manja a mnzawo.

Anachisale anamasula pini yomwe inagwira chitenje chawo. Anakhala pampando womata uja, n'kuuza Tusekele kuti afufuze penti yofiira m'katoni ya zinthu za patebulo. Woondayo anayatsa laita n'kuigwira yekha. Nsonga ya pini itafiira, Anachisale anaboola nayo kunsi kwa phazi lamanzere la msilikali uja. Kautsi kanakwera. Panatsala kabowo kakang'ono, koti ngakhale ukweche chaka chonse sikangachoke.

"Amayi," anatero Tusekele. Anali atagwira kabotolo, koma sanakapereke msanga. "Pali zolemba."

"Bweretsani kuno. Zimenezo nditha kuwerenga."

Pakabotolopo panali kapepala komata ndi tepi, zilembo zake zikuluzikulu, zopendekera kumanzere monga ankalembera kuyambira ali ku pulayimale. Anachisale anakatalikitsa kumaso, n'kuwerenga pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, milomo ikuyenda.

Choko cha amayi.

Anakhala atakagwira choncho. Palibe anawafulumizitsa. Kenaka anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, anatsegula kabotoloko, anaviika pini, n'kudonthezera m'kabowo kaja. Anauzira kuti iume, n'kumuimika msilikaliyo patebulo.

"Winayo," anatero, atatambasula dzanja.